Dzanja Lacitsulo: Mbiri ya Kireni Imene Mumaiona pa Mseu wa Great East

Kodi munaimapo pa msika wa nthoci pa Nyimba, kapena pa mphambano yolowera ku boma la Petauke, ndi kuyang'anitsitsa malole amene amadutsa pa mseu wa Great East? Pakati pa malole a cimanga, a feteleza ndi a simenti, nthawi zina pamabwera lole ina yokhala ndi citsulo cacikulu copindika kuseri kwa mutu wake, conga mkono wa munthu amene wagwira phewa lake. Ikafika kumene ipita, mkono uja umatambasuka, nunyamula thanki ya madzi, injini ya cigayo kapena thiransifoma ya magetsi, nuitula pansi bwinobwino, munthu mmodzi yekha ali kukankha tizitsulo tating'ono m'mbali mwa lole. Imeneyo ndiyo kireni. Madalaivala ndi amakanika ambiri amangoichula kuti Hiab, ngakhale ikhale yopangidwa ndi kampani ina.

Nanga nkhani ya zitsulo ifunanji m'magazini ya acinyamata a mpingo? Cifukwa cake ndi ici. Mu 2022 boma linakweza ndalama za CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni ku dera lililonse la phungu wa Nyumba ya Malamulo, ndipo gawo lina la ndalamazo linaikidwa kuti lithandize magulu a acinyamata ndi azimai kuyamba malonda. Gulu limene lingaganize zogula lole ya kireni lidzapeza kuti mtengo wa yatsopano ndi wosafikirika, motero lidzayang'ana ku yogwirapo kale nchito. Kireni yotere ingathe kudyetsa mabanja kwa zaka zambiri. Ingathenso kudya ndalama zonse za gulu, kusiya ngongole, kudanitsa anthu opemphera pamodzi, ngakhale kupha munthu. Cimene cimasiyanitsa ziwirizi ndi mbiri yake: anaipanga ndani, inagwira nchito kuti, ndipo anaisamala motani. Tiyeni tsono tiyambire kutali pang'ono.

Pamene kireni inali mutu wa munthu

Agogo a agogo anu sanadziwe kireni. Pamene Azungu anakhazika boma lao ku Fort Jameson, kumene lero ndi ku Chipata, kunalibe mseu wa motoka wolumikiza dera lino ndi maiko a kumadzulo kwa Luangwa. Ng'ombe zokoka ngolo zinali kufa ndi kashembe zikalowa m'cigwa. Cifukwa ca ici, katundu wambiri wa boma, wa amalonda ndi wa amishoni anali kuyenda pa mitu ndi pa mapewa a amuna a kuno kwathu. Nchito imeneyi inali kuchedwa mtengatenga. Munthu mmodzi anali kusenza mapaundi 50 kapena 60, ndiye kuti makilogalamu pafupifupi 25, tsiku ndi tsiku kwa masabata. Njanji itafika ku Broken Hill, Kabwe wa lero, mu 1906, amtengatenga anali kuoloka Luangwa ndi kukwera mapiri a Muchinga kukatenga katundu kumeneko. Pa nkhondo ya 1914 mpaka 1918 amuna zikwizikwi a dziko lino anakakamizidwa kusenza zakudya ndi zida za asilikali, ndipo ambiri anafera m'njira ndi njala ndi matenda.

Cinthu cikalemera kopambana mphamvu za munthu mmodzi, anali kucimasula m'zidutswa, kapena kucimangirira ku mtengo kuti amuna angapo acinyamule pamodzi. Mwambi uja wakuti mutu umodzi susenza denga, kwa iwo unali nkhani ya tsiku lililonse.

Zinthu zinayamba kusintha mseu wa Great East utatsegulidwa. M'zaka za m'ma 1930 ulalo woyamba unamangidwa pa Luangwa ndi ndalama za bungwe la Beit Trust. Ulalo umene mumaolokapo lero popita ku Lusaka unatsegulidwa mu 1968. Ndi wolenjekeka pa zingwe zacitsulo zocokera pa nsanja ziwiri, ndipo cigawo cake capakati cimatalika mamita 222 popanda mzati m'madzi. Zitsulo zotere palibe mapewa a anthu amene akanazikweza. Ambiri a inu munadzioneranso nokha makina amene anabwera pamene mseu wocokera pa ulalo umenewu kukafika ku Mwami unali kukonzedwanso kuyambira ca mu 2013. Nanga mphamvu yonyamula zinthu zolemera cotere inacokera kuti?

Loya amene anagwiritsa madzi nchito

Makireni akale anali a mitengo, zingwe ndi magudumu ozunguzidwa ndi anthu kapena nyama. Mu 1846 William Armstrong, amene anali loya mu mzinda wa Newcastle ku England, anaika pa doko la mzindawo kireni yoyendera mphamvu ya madzi a m'mapaipi. Madziwo anali kukankha pisitoni, pisitoni nikoka cheni, cheni nikweza katundu. Inagwira bwino nchito kotero kuti mu 1847 anasiya za uloya natsegula fakitale ku Elswick.

Cinsinsi cake mumacidziwa kale ngati munathandizapo kusintha tayala la motoka. Madzi kapena mafuta sapanikizika monga umacitira mpweya. Mukawakankha pa kabowo kakang'ono, iwo amakankha ndi mphamvu yoculuka pa malo aakulu. Ndiye cifukwa cake mnyamata wamng'ono angathe kukweza mbali ya lole ndi jeke, pongopopa kamtengo kake. Makireni a masiku ano amagwiritsa nchito mafuta m'malo mwa madzi, koma nzeru yake ndi yomweyo. Nzeru imeneyi imachedwa haidiroliki.

Mmisiri wa matabwa wa ku Sweden

Makireni a Armstrong anali okhazikika pa madoko. Munthu amene dzina la kampani yake mumalimva pa mseu wathu ndi wina, Eric Sundin wa m'tauni ya Hudiksvall ku Sweden, dziko lozizira la nkhalango zikuluzikulu. Iye sanali wopanga makireni. Nchito yake inali yopanga maski, timatabwa titalitali timene anthu a kumeneko amamangirira ku mapazi poyenda pa cipale cofewa. Pokhala munthu wa matabwa, anali kudziwa mmene anthu amabvutikira kukweza mitengo pa malole ndi manja. Anaona cinthu cimodzi cimene ena onse anali kuciona koma osaciganizira: pamene anthu ali kukhetsa thukuta pokweza katundu, injini ya lole ili cikhalire osacita kanthu. Bwanji injini yomweyo isazunguze pampu ya mafuta, mafutawo nakweza mkono wacitsulo?

Mu 1944 Sundin ndi mnzake Einar Frisk anayambitsa kampani yochedwa Hydrauliska Industri AB. Mukatenga zilembo zoyamba za dzinali mupeza HIAB. Mu 1947 anayamba kupanga makireni ambiri ogulitsa a mtundu wochedwa HIAB 190. Mu 1956 anatulutsa mtundu wina umene anaupatsa dzina lakuti Elefant, ndiye kuti njobvu. Inu a m'mbali mwa Luangwa simufunika kuuzidwa cifukwa cake. Mkono wake unali ndi cigongono pakati, unali kupindika ndi kufika uku ndi uku monga citamba, ndipo nchito ikatha unali kudzipinda nusiya malo a katundu pa lole. Kapangidwe kameneka ndi kamene mumakaona mpaka lero.

Makampani ena analowa m'malonda omwewa: Palfinger ya ku Austria, Fassi ya ku Italy, Unic ndi Tadano za ku Japan. Koma dzina limene linamamatira pakamwa pa anthu m'maiko ambiri ndi lija la Sundin. Kampaniyo inasintha eni kangapo. Mu 1985 inagulidwa ndi Partek ya ku Finland, mu 2002 inalowa m'manja mwa Kone, ndipo mu 2005 inakhala gawo la Cargotec. Mu 2025 Cargotec yeniyeniyo inasiya dzina lake nitenga la Hiab. Pa kusintha konseku makireni sanaleke kupangidwa, ndipo ogulitsa masipeya ake sanathe.

Dzina lalikulu limene linazima

Si makampani onse amene anayenda cotere. Imvani za Coles. Henry Coles anayamba kupanga makireni ku London mu 1879. Pambuyo pake nchito yaikulu ya kampaniyi inakhala ku Sunderland, ndipo pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 inapangira asilikali a Britain makireni ambiri oyenda pa matayala. Nkhondo itatha, Coles inakhala imodzi mwa makampani aakulu a makireni ku Ulaya, ndipo makina ake anagulitsidwa m'maiko ambiri. Mu 1972 inagulidwa ndi kampani ya Acrow. Mu 1984 Acrow inagwa ndi ngongole, ndipo Coles inatengedwa ndi Grove ya ku America. Dzina la Coles linayamba kuzimirira, ndipo mu 1998 fakitale ya ku Sunderland inatsekedwa.

Makireni a Coles anali olimba, ndipo ena akali kugwira nchito. Koma munthu amene wagula yotere, kacitsulo kamodzi kakathyoka amayamba ulendo wautali: kufunafuna ina yakufa yoti aphwasule, kapena kusulitsa kacitsuloko kwa amisiri. Masabata onsewo lole ili ciimire, ngongole ili kukula. Phunziro lake ndi lakuti pogula makina akale mumagulanso ubale ndi amene anawapanga. Ngati ku banja kumeneko kunatha anthu, makina anu ndi amasiye. Dziwaninso kuti ngakhale kampani imene ikali ndi moyo imafika poleka kupanga masipeya a mitundu yakale kwambiri.

Cakale si coipa

Musamve ngati tikuti cogwirapo kale nchito ndi conyozeka, iai. Ulalo wa motoka wa pa mtsinje wa Kafue umene unatsegulidwa mu 1949 unamangidwa ndi zitsulo zimene zinayamba zakhala ulalo pa mtsinje wa Thames mu London. Zinaoloka nyanja, zinamangidwanso, ndipo zinatumikira dziko lino zaka zambiri. Zinatheka cifukwa akatswiri anali kudziwa kumene zinacokera ndi kulemera kumene zikanatha kusenza.

Boma litasintha mu 1991, malamulo oitanitsira katundu kunja anafewetsedwa. Monga momwe salaula anadzazira m'misika, motoka ndi malole ogwirapo kale nchito anayamba kulowa ambiri, ena kudzera ku Dar es Salaam ndi Nakonde, ena kudzera ku Durban ndi Chirundu. Ambiri amacokera ku Japan, ku Britain ndi ku South Africa, kumene motoka zimayenda kumanzere kwa mseu monga kuno. Pa mulu wa salaula mumatambasula malaya, kuyang'ana m'khwapa ndi pa kolala musanapereke ndalama. Kireni ifuna maso oposa pamenepo, cifukwa malaya akang'ambika mumangocita manyazi, koma mkono wa kireni ukathyoka pansi pake pamakhala anthu.

Mukafuna kugula

Coyamba, funsani makalata. Mkristu akasamuka, amabwera ndi kalata yocokera ku mpingo wake yonena kuti iye ndani ndipo anakhala motani. Kireni nayo ili ndi kalata yake. Pa thupi lake pali kacitsulo kolembedwa dzina la kampani, mtundu, nambala yake ndi caka. Lembani zimenezi, mufunse kwa ogulitsa masipeya ku Lusaka kapena ku Copperbelt ngati masili, mapaipi ndi mavavu a mtunduwo amapezeka. Funsaninso buku la sevisi ndi satifiketi yoonetsa tsiku limene inayesedwa komaliza. Lamulo lathu la Factories Act limafuna kuti makina onyamulira katundu aziyesedwa nthawi ndi nthawi ndi munthu wodziwa. Ngati kacitsulo kaja kanacotsedwa ndipo makalata palibe, mlendo ameneyo musamulandire msanga.

Caciwiri, musakhulupirire penti. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Citsulo cimene capindika ndi kuongoka kwa zaka zambiri cimatopa, ndipo cimayamba ming'alu ing'onoing'ono, makamaka pa tsinde la kireni, pa cigongono, ndi pamene kireni inamangidwira ku chesisi ya lole. Penti watsopano amabisa ming'alu ndi zigamba zowocherera. Malole ocokera ku maiko kumene amathira mcere pa miseu nyengo yozizira, monga ku Britain, amadyeka dzimbiri kunsi. Gonani pansi muone ndi tochi.

Cacitatu, iyeseni ndi katundu. Onani mafuta: akaoneka oyera ngati mkaka, mwalowa madzi. Onani ndodo zonyezimira za masilinda: zikakhala zokalika kapena zadzimbiri, zidzadya masili, mafuta nayamba kudontha. Kenaka kwezani katundu wolemera pang'ono cabe kucoka pansi, zimitsani injini, anthu onse aime patali, ndipo muyembekezere. Mkono ukayamba kutsika wokha, m'kati muli bvuto. Poizunguza ndi poitambasula mverani ngati mapini ake agwedera. Yesaninso miyendo ija imene imatsitsidwa m'mbali kuti lole isagubuduke.

Cacinai, phunzirani kuwerenga manambala a kulemera. Nyamulani ndowa ya madzi pafupi ndi cifuwa, kenaka muitambasulire kutali ndi mkono woongoka, mudzamva kusiyana kwake. Kireni nayo ili cimodzimodzi. Imene ingathe kunyamula matani 5 pa mtunda wa mamita 2, ikatambasuka kufika mamita 8 imangokwanitsa tani imodzi ndi pang'ono. Wogulitsa amachula nambala yaikulu ija, koma nchito zambiri zimafuna kutambasula mkono. Makireni atsopanoko ali ndi cipangizo coimitsa mkono katundu akapyola muyeso. Ena amacidula kuti kireni ioneke yamphamvu. Yotere muithawe.

Cacisanu, musatumize ndalama cifukwa ca zithunzi za pa foni. Tumani munthu wanu, pamodzi ndi makanika amene simunapatsidwe ndi wogulitsayo, akaione ndi maso. Safunsa anadya phula.

Cacisanu ndi cimodzi, khalani pansi muwerenge. Kumbukirani fanizo la pa Luka 14, la munthu amene anayamba kumanga nsanja asanaone ngati cuma cake cidzakwanira, nasekedwa atalekera pa maziko. Pa mtengo wa lole onjezani wa sitima ya pamadzi, msonkho wa ZRA, zofunika ku RTSA, inshuwalansi, matayala, dizilo ndi malipiro a dalaivala. Kumbukirani kuti kireni nayo ili ndi kulemera kwake, kumene kumacepetsa katundu amene lole iloledwa kunyamula pa sikelo ya pa mseu. Kenaka dzifunseni moona mtima: pa mwezi umodzi, ndi anthu angati pakati pa Kacholola, Nyimba, Minga ndi Petauke amene adzafuna kunyamulitsa thanki, kontena, cigayo, makalavati kapena motoka yogwa m'mapiri? Ngati ndi awiri kapena atatu, kuli bwino kubwereka kireni pa tsiku la nchito koposa kukhala nayo pa khomo.

Manja odziwa

Pali cinthu cimodzi cimene sicibwera pa sitima, ndico munthu wodziwa kuyendetsa ndi kusamala makinawa. Ngozi zambiri za makireni zimacokera ku zinthu zodziwika: kutsitsa miyendo pa nthaka yofewa popanda kuika matabwa olimba pansi, kukhudza nthambo za magetsi ndi mkono, kumanga katundu ndi cheni cakutha, kunyamula mopyola muyeso, ndi kulola anthu kuima pansi pa katundu. Kuno kwathu kireni ikafika ana amathamangira kukaonerera. Woyendetsa wabwino amayamba wawacotsa asanagwire kacitsulo kalikonse, cifukwa moyo wa munthu ndi wa Mulungu ndipo ulibe sipeya.

Motero, gulu lanu lisanaganize zogula, liganize zophunzira. Kuli Ukwimi Trades Training Institute pafupi nafe, kuli Chipata Trades Training Institute, ndipo ku Ndola kuli NORTEC kumene amaphunzitsa kukonza makina akuluakulu. Mu ndalama zomwe zija za CDF munaikidwanso gawo lolipirira acinyamata maphunziro a nchito zamanja. Atsikana, nkhaniyi ndi yanunso. Masiku a mtengatenga nchito yonyamula inali kufuna khosi lolimba, koma kireni imafuna maso, kudekha ndi masamu.

Ndipo tsiku lina mukadzakhala ndi makina anu, kaya kireni, thirakitala kapena cigayo, gulani kabuku. Lembanimo tsiku lililonse limene mwasintha mafuta, mwathira girizi, mwakonza cinthu cothyoka. Mukadzafuna kugulitsa, muonetseni wogulayo zonse, zabwino ndi zoipa zomwe. Cimene inu mufuna kuti wogulitsa wa ku Japan kapena ku Johannesburg akucitireni, mudzacitire mnzanu wa ku Sinda kapena ku Katete amene adzagula kwa inu. Pamenepo ndi pamene Cikristu canu cidzaonekera m'malonda.

Zokambirana pa msonkhano wanu

1. Funsani okalamba a m'mudzi mwanu zimene anamva kwa makolo ao za mtengatenga ndi za kuoloka Luangwa ulalo usanamangidwe. Lembani zimene akuuzani.

2. Sundin anaona injini imene inali kungokhala pamene anthu anali kubvutika. Ndi ciani m'mudzi kapena pa mpingo panu cimene cili kungokhala koma cikanathandiza anthu?

3. Chulani makina amene anagulidwa ndi gulu kwanuko koma lero ali ciimire. Anaima cifukwa ciani: sipeya, ndalama, kapena kusowa wodziwa?

4. Werengani Luka 14:28-30. Kodi gulu lanu limawerenga motani lisanatenge ngongole, ndipo ndani amene angaliuze zoona pamene onse atengeka mtima?